Rauta Yakale ndi Manja a Makaniko

Amuna anga atapuma ntchito ku galaja, amene anayamba kutopa ndi ine. Munthu amene moyo wake wonse ankabwera kunyumba atada ndi girisi mpaka m'zigongono, tsopano anali mbee ngati wansembe, atakhala pa mpando wa pakhonde manja lende, maso ali ku geti. Sikuti ankadwala ayi. Ankadya bwino, ankagona bwino, koma mawu anawathera. Ukawafunsa kanthu, yankho linali "kaya" kapena "mmene mwaoneramo." Ine ndine telala, makina anga ali m'chipinda cha kumaso, ndiye pa windo ndinkangoona nkhongo yawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nkhongo imeneyo inkandiwawa kuposa msana wangawu.

Anthu onse kuno amawaitana kuti a Makaniko, ngakhale kuti ntchito yawo yeniyeni inali ya magetsi a galimoto, mawaya ndi mabatire. Amene anawonjezera vuto ndi mwana wathu wachisamba, yemwe timamutcha Manijala chifukwa ali wamng'ono ankalamula ngakhale nkhuku za pakhomo. Si wankhanza, mwana uja amawakonda bambo ake. Koma chikondi chake n'cholanda zinthu m'manja mwa munthu. Babu likapsa, "Bambo musavutike, ndibwera." Mpopi ukadontha, "Bambo usiyeni, nditumiza munthu." Mapeto ake munthu amene ankaukitsa malole akufa sankaloledwa ngakhale kumanga sikuluu m'nyumba mwake momwe.

Chimene chinawadzutsa pa mpando paja ndi rauta.

Rautayo ndi kabokosi kakuda ka tinyanga tiwiri kamene kamagawa intaneti m'nyumba muno. Anatisiyira ndi mwana wathu wamkazi, nesi, pamene ankapita kukagwira ntchito kutali, kuti tizionana naye pa foni Lamlungu lililonse masana. Poyamba kanali kaulemu. Kenaka kanayamba mwano. Mwana ali mkati moyankhula, nkhope yake n'kuuma pa foni kukamwa kuli yasa, mawu n'kumabwera odukaduka. Tikakazimitsa n'kukayatsanso kankagwira ntchito pang'ono, kenaka n'kuyambiranso khalidwe lake lomwe lija.

Manijala atamva anati, "Yakalamba imeneyo, amayi. Opanga ake anasiya kalekale kuisamalira. Ndikapeza mpata Lamlungu lina ndibweretsa yatsopano. Bambo musavutike nayo."

Koma iye atangotuluka pa geti, bambo ake analowa m'nyumba n'kukaima pamaso pa rauta ija manja ali kumbuyo, monga ankaimira pamaso pa galimoto yobwera chokokedwa. Kenaka anapita kuchipinda n'kutulutsa laputopu yakale ya nesi wathu imene inkangogona pamwamba pa wodilopu.

Masiku otsatira pakhonde panalibe munthu. Ankakhala pa tebulo la pabalaza, magalasi ali kumapeto kwa mphuno, akulemba ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola mapira. Tiyi ankazizirira pambali. Tsiku lina ndili mkati mopinda diresi la kasitomala ndinamva akundiitana ndi mawu amene ndinali nditawaiwala, mawu a ku galaja.

"Mayi a Manijala, tabwerani muone. Kanthu aka bodi n'kabwinobwino. Chatopa ndi injini."

"Injini m'kabokosi komweka?"

"Pulogalamu imene imakayendetsa m'katimo. Eni ake amati fimuweya. Ya kufakitale ija anaitaya, sakuikonzanso. Koma kuli anthu ena, akatswiri ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana, analemba yawo ndipo amagawa ulere. Umatsitsa yakaleyo n'kukweza yatsopano, basi galimoto pa msewu."

"Nanga zikakanika?"

"Zikakanika amati yasanduka njerwa. Siyankhula, siimva. Ungotchingira nayo chitseko kuti mphepo isamenyetse."

Ananena zimenezi akuseka, mano onse pamtunda. Ine ndinasekanso, koma mtima unali m'mwamba. Za rauta sindinkadandaula nazo, Manijala akanabweretsa ina. Chimene ndinkaopa n'chakuti kabokosi kaja kakanasandukadi njerwa, mwana uja akanabwera ndi katoni yake ndi mawu ake ofatsa aja, ndipo bambo ake akanabwerera pakhonde osadzadzukanso. Zimenezo ndiye sindikanapirira.

Tsiku la ntchito linali Loweruka m'mawa, ndipo Manijala anali atanena kuti abwera mawa lake. Amuna anga anatuluka kuchipinda atavala ovolosi.

"Bambo inu, ovolosi pa kabokosi kopanda ndi dontho lomwe la oilo?"

"Ntchito ndi ntchito, mayi. Munaona dokotala akuchita opaleshoni atavala kabudula?"

Anayala nsalu yoyera pa tebulo n'kuika rauta pakati, laputopu kumanja, waya wolumikizira ziwirizi kumanzere. Anaitembenuza rautayo chagada, n'kundibwereka magalasi anga olowetsera ulusi pa singano kuti awerenge timalemba ta pansi pake. Anawerenga, anayang'ana pa laputopu, n'kuwerenganso. Anati marauta ena amafanana nkhope koma m'mimba n'kusiyana, ndipo ukaika pulogalamu ya inzake wapha. Anali atakopera kale fayilo ya pulogalamu yatsopano ija mu laputopu. Anakoperanso ya kufakitale yakale ija, pamodzi ndi malangizo onse, kuti azitha kuwawerenga ngakhale intaneti itathawa.

"Yakaleyo ndi yachiyaninso, si yomwe mukuichotsa?" ndinafunsa.

"Makaniko sataya chitsulo chakale chatsopano chisanalire."

Kenaka anatembenukira kwa ine, chala chili m'mwamba. Ndivomere, m'nyumba muno ndimadziwika ndi kuzula mapulagi. Ndikafuna kusita chovala sindifunsa kuti pa soketi pali chiyani. Ndiye anandipatsa ulaliki wonse. Pulogalamu ikamalowa, magetsi asaduke ngakhale kuphethira kwa diso. Ayironi ayi, makina ayi, ketulo ayi. Ukazimitsa ili pakati, yakale yachoka kale, yatsopano sinakhazikike, kabokosi kamatsala kopanda mutu. Anabwereza mpaka ndinawauza kuti ngati akufuna andimange manja ndi tepi yanga yoyezera.

Anadina batani. Pa laputopu panaoneka kamzere kobiriwira, kakukwawa pang'onopang'ono. Timagetsi ta pa rauta, timene masiku onse timayaka mofatsa, tinayamba kuphethira mwamisala, kamodzi n'kufiira psuu. Kamzere kaja katafika chapakati kanaima.

Ndipo m'nyumba munalowa fungo la pulasitiki yopserera.

Ine ndisanatembenuze n'komwe mutu, ndinangoona mkono wa ovolosi ukudutsa pamaso panga. Pulagi inali kale m'manja mwawo. Timagetsi tonse thima.

Muyenera kumvetsa. Kwa munthu wa magetsi a galimoto, fungo limenelo ndi waya amene akupsa, ndipo waya akamapsa suganiza, umazula kaye batire, kuganiza pambuyo. Dzanja limenelo linapulumutsa galimoto zambiri za eni ake ku moto. Silinapemphe chilolezo kwa mutu, linangochita zimene linaphunzira.

Anaima choncho pulagi ili m'manja, akuiyang'ana ngati wina wawapatsira. Kenaka ananyamula rauta n'kuinunkhiza. Inali yozizira bwinobwino, yopanda fungo lililonse. Anapita pa windo. Kuseri kwa mpanda, aneba athu anali akuwotcha zinyalala, mabotolo ndi majumbo, utsi uli tolotolo kulowera kwathu.

Anabwezera pulagi pa soketi. Kagetsi kamodzi kokha kanayaka n'kungoti ndwii, osaphethira. Laputopu inati sikuona kanthu. Anazimitsa, anayatsa, chimodzimodzi. Ndinkadikira kuti mwina akalipa, atukwana aneba kapena utsi, chifukwa munthu wokalipa ndiye kuti akadali ndi mphamvu. Koma anangovula magalasi anga n'kuwaika bwinobwino pa nsalu paja.

"Madzi akatayika saoleka," anatero. Anamasula mabatani a ovolosi, n'kutuluka kukakhala pa mpando uja.

Ndinalowa m'chipinda cha makina, ndinakhala pansi, ndinayang'ana pa windo. Nkhongo ija inali pamalo pake. Poyamba ndinamva chisoni, koma chisoni changa sichichedwa kusanduka ukali. Ndinakwiyira aneba, ndinakwiyira Manijala, ndinakwiyira ngakhale akatswiri ongodzipereka aja kulikonse kumene ali. Kupita kukawapepesa bambowa sikukanathandiza, ndimawadziwa. Ukawapepesa ndiye amamira kwambiri.

Ndiye ndinapita pa tebulo, ndinazula rauta ija, ndinatsekula chitseko cha kumaso n'kuiika pansi kuti ichitchinge. Ndinaikankhira bwino ndi phazi kuti amve phokoso lake pa simenti.

Anatembenuka. "Mukuchita chiyani, mayi?"

"Mwati yasanduka njerwa. Ndiye ndaipezera ntchito, chitsekochi chimandisowetsa mtendere."

"Tachotsani apo, mulowa fumbi."

"Njerwa imaopanso fumbi?"

"Mayi a Manijala, chimenecho si chinthu choponda ndi phazi."

"Kaya, ine ndine telala, za njerwa sindizidziwa. Ndimangodziwa kuti kale kunali bambo wina ku galaja, galimoto ikabwera eni ake atailira kale maliro, iye ankati tsegulani boneti tione. Kaya anapita kuti bambo ameneyo, anali wooneka bwino."

Ndinaona kukamwa kukufuna kuseka koma akukukaniza. Kenaka anadzuka, anatola rauta ija, anaipukuta ndi mkono wa ovolosi, n'kulowa nayo m'nyumba. Ine ndinayambitsa makina anga kuti asamve mmene ndinapumira.

Anawerenga malangizo aja mpaka dzuwa kufika pamutu. Chakudya ndinawaikira pambali, sanachione. Kenaka mawu a ku galaja aja anamvekanso.

"Mayi! Sitata ikadali moyo!"

Anandifotokozera kuti m'kabokosimo muli kapulogalamu kena kakang'ono kamene kamadzuka koyamba, ntchito yake n'kudzutsa inzake yaikulu ija. Kameneko nthawi zambiri sikafa. Ukakapeza pa nthawi yake, kamalandira fayilo kudzera pa waya n'kuikhazika m'malo mwake. Koma kukapeza kwake ndiye kunali ntchito. Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kakang'ono, m'katimo muli kabatani kobisika. Umayenera kukadina osasiya, kwinaku ukulowetsa pulagi, kwinakunso ukutumiza fayilo pa laputopu mpata usanatseke.

"Pakufunika manja atatu," anatero, "ndipo ine ndili nawo awiri, limodzi mwa iwo ndi chigawenga."

Ndinasolola kaphini pa kolala ya bulauzi yanga, pamene timaphini timakhala nthawi zonse. Iwo anasintha manambala ena pa laputopu kuti ziwirizi zimvane, ine ndinalowetsa kaphini m'kabowo mpaka ndinamva kabatani kakuti tswii pansi pa chala. Ulendo woyamba anachedwa kutumiza, kagetsi kanangotiyang'ana. Ulendo wachiwiri ine ndinasiya msanga, ndipo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi monga ankayang'anira anyamata ophunzira ntchito. Titayesanso, kagetsi kaja kanaphethira. Kanaphethiranso, mofatsa, ngati munthu wodzuka ku tulo.

"Musasunthe, mayi. Musapume n'komwe."

Anatumiza fayilo ya kufakitale ija, chitsulo chakale chimene sanataye. Tinadikira. Timagetsi tinayaka kamodzikamodzi, ndipo foni yanga m'thumba inalira kulandira mauthenga amene anali atatsekeredwa panjira.

Ndinawomba m'manja. Kwa ine nkhani inali yatha. Rauta yabwerera mmene inalili, Manijala sadzadziwa kanthu, ulemu wa bambo wapulumuka. Ndinayamba kupinda nsalu ya pa tebulo.

"Mukupinda chiyani? Ntchito sinathe."

"Bambo inu, mwapulumuka pakamwa pa ng'ona, mukufuna mubwereremo kukatenga chipewa?"

"Galimoto inabwera kudzasintha injini. Ndiibweze kwa mwini wake ndi injini yomwe ija, n'kumati ndagwira ntchito?"

Ndinachita mantha, sindinama. Koma pansi pa manthawo panali kunyada. Uyu ndiye mwamuna amene ndinakwatiwa naye, wamakani ngati chitsa.

Anakonzanso zonse, anawerenganso timalemba tija, anasankha fayilo yatsopano. Utsi wa aneba unali ukulowabe, ndiye ndinapita kukatseka windo, koma fungo linali litakhazikika kale m'makatani. Chala chawo chinaima pamwamba pa batani. Anadina, kenaka mwamsanga anatembenuza mpando n'kunditambasulira manja onse awiri.

"Mayi, ndigwireni. Awa sindikuwakhulupirira."

Ndinawagwira. Tinakhala choncho maondo atagundana, masana dzuwa likuswa mtengo, ngati achinyamata amene makolo awo achokapo. Sindikumbuka kuti ndinali nditawagwira liti manja amenewo kwa nthawi yaitali chonchi. Chipsera cha asidi wa batire chinali pomwe chinali, chikhadabo chimene chinaphwanyidwa ndi boneti sichinawongoke, koma zikhatho zinali zitafewa, ndipo kufewa kumeneko kunandimvetsa chisoni. Kamzere kobiriwira kanakwawa, kanafika pakati, kanaima pomwe paja. Kagetsi kanafiira. Manja aja anandifinya mwamphamvu.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo."

"Ndadekha."

"Mwadekha chiyani, mukundithyola zala."

Kamzere kanasuntha. Kanafika kumapeto. Kenaka timagetsi tonse tinathima, ndipo apo ndiye anafuna kudumpha, koma telala ali ndi mphamvu m'manja kuposa mmene anthu amaganizira. Ndinawapanikiza. Malangizo anali atanena kuti imazima yokha n'kudzukanso, koma kuwerenga n'kwina, kuona ndi maso n'kwinanso. Tinayang'ana kabokosi kakuda kaja kali zii. Kenaka kagetsi kamodzi kanayaka, kachiwiri, kachitatu, tonse tobiriwira.

Pa laputopu panatseguka tsamba lachilendo, lodzaza ndi zinthu zoti munthu asinthe mmene akufunira. Amuna anga analiyang'ana monga mwana amayang'anira m'sitolo ya zidole. Pofunika dzina la netiweki analemba kuti Galaja. Nambala yachinsinsi anandinong'oneza kukhutu, ngakhale kuti m'nyumba tinalimo awiri.

Lamlungu masana Manijala analowa atakwapatira katoni ya rauta yatsopano. Anatipeza tili pa sofa, foni itatsamira botolo la maluwa, mlongo wake akutisimbira za odwala ake. Nkhope inkayenda bwinobwino, mawu ali mbee, mpaka ndinaona kuti mwana wanga wayamba imvi pamwamba pa khutu ndipo ndinamuuza. Manijala anapereka moni kwa mlongo wake, anakhala, anadikira kuti nkhope ija iume monga mwa masiku onse. Sinaume. Anatulutsa foni yake n'kukwinya nkhope.

"Galaja ndi ya ndani? Aneba agula yawo?"

"Ndi ya m'nyumba muno," ndinayankha ine, ndisanapatsidwe n'komwe mpata. "Bambo ako asintha injini."

Ndinkaganiza kuti za pulagi zija tizibisa, koma eni ake ndi amene anaziyamba. Anasimba zonse, utsi, dzanja, njerwa pa chitseko, mpaka anaimirira kuonetsa mmene mkono unadumphira. Nesi wathu pa foni anaseka mpaka kupukuta misozi. Manijala anaseka nawo, kenaka anapita kukaima pa rauta, anaigwira pamwamba, anayang'ana tsamba lija pa laputopu. Bambo ake anamuonetsa pamene anakonza kuti mafoni a mlongo wake azidutsa patsogolo pa zina zonse za pa intaneti. Mwana uja anamvetsera mpaka kumapeto osawadula mawu, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire chake. Katoni ija anaikankhira ndi chidendene kuseri kwa sofa, ine ndinachita ngati sindinaone.

Pamene ankatsanzika tinamuperekeza mpaka pa geti. Anatsekula chitseko cha galimoto, n'kunena mwachizolowezi chake chija, mofatsa.

"Bambo, mawa ndibwere ndidzakutengeni mukacheze kwathu ndi adzukulu. Musamangokhala pano nokha."

"Mawa ayi, mwanawe. Mawa ndatanganidwa."

Manijala anandiyang'ana ine, ine ndinayang'ana kumwamba.

"Injini yalowa koma sindinaichune," anapitiriza bambo ake. "Kuchipinda cha amayi ako netiweki ikufika yofooka. Rauta ija iyenera kukwera pakhoma la pakolido, ndiye pali kuboola, pali kukoka waya kudutsa kudenga. Adzukulu ndidzawaona Lachitatu, ntchito ikalola. Ndipo iwe, makwerero anga aja unawatenga n'kukawabisa kwanu, ndikuwafuna."

Manijala anatsegula pakamwa. Ndinawaona mawu aja akubwera, akuti musavutike, nditumiza munthu. Anafika mpaka pa milomo. Anayang'ana bambo ake, amene anali ataima miyendo ili tang'a, sikuludiraiva ikusuzumira m'thumba la malaya a kutchalitchi. Mwana wanga anameza mawu aja.

"Ndibwera nawo m'mawa ndisanapite ku ntchito, bambo. Ndibweretsenso chiyani?"

"Dirilo. Ndipo usachedwe, ine ndimayamba ntchito molawirira."